Masekondi Atatu a pa Bwalo la ku Kabwe

Mu June 2024 ndinakwera basi kucokera ku Katete kupita ku Kabwe kukaika maliro a mnzanga amene ndinaphunzira naye uphunzitsi zaka zoposa 40 zapitazo. Ndinayenda tsiku lathunthu pa mseu wa kum'mawa kufikira ku Lusaka, ndiyeno makilomita ena ngati 140 kuloza kumpoto. Ndinafika m'komboni ya Bwacha dzuwa litalowa kale, ndipo ndinapeza amuna atazungulira moto panja, amai ali m'nyumba kuimba nyimbo za maliro. Amene anakhalapo ku Kabwe adziwa kuti mphepo ya mwezi umenewo siseka ndi munthu, makamaka ife amene mawondo anayamba kale kudandaula.

Dzina la malemuwa sindidzalichula, pakuti ana ao sindinawapemphe cilolezo. Ndidzangoti Wamanzere, cifukwa dzanja lamanzere ndilo linamuchukitsa pakati pathu. Iye anali Mubemba wa ku Kasama, ine Mcewa wa ku Katete, motero tinali pa cimbuya. Tsiku silinali kupita osandinena kuti ndine wodya mbewa, ndipo ine ndinali kumubwezera kuti kwao anyani anatha m'mapiri cifukwa ca mphika.

Pa moto paja tinakumana asanu a m'nthawi yathu ya pa koleji. Tinayamba ndi nkhani za okalamba: mtengo wa unga, ndalama za penshoni, mankhwala a shuga, ndi maina a anzathu amene anatsogola. Koma pofika pakati pa usiku nkhani inakhotera kumene imakhotera nthawi zonse tikakumana, ku masewera a basketball a mu July 1982. Wina anati Wamanzere anaponya mpira uja ali pakati peni-peni pa bwalo. Wina anatsutsa nati anali kutali koposa pamenepo, ndipo anatipatsa mapointi atatu. Wacitatu analumbira kuti oonerera anali oposa 1,000 ndi kuti phokoso linamveka mpaka ku siteshoni ya sitima. Ine ndinali cete, ndiri kusonkhezera moto. Kabuku kamene munalembedwa masewera amenewo kali m'sutukesi mwanga kufikira lero, ndipo ndine ndinasunga nthawi tsiku limenelo.

Owerenga acinyamata ayenera kuyamba adziwa Kabwe wa masiku amenewo. Unali mzinda wa mgodi ndi njanji. Mgodi wa mtovu ndi zinki, umene unapatsa mzindawu dzina lake lakale la Broken Hill, unali ukali kugwira nchito, ndipo likulu la Zambia Railways linali pomwepo. Mfumu ya masewera onse inali mpira wa miyendo. Kabwe Warriors ikasewera, makomboni anali kutsala ndi nkhuku zokha. Ana onse anali kudziwa kuti Godfrey Chitalu anamwetsa zigoli 107 m'caka cimodzi ca 1972, ndipo mau a Dennis Liwewe pa wailesi anali kuimitsa nchito m'nyumba zambiri. Poyerekeza ndi zimenezi, basketball inali ngati mwana wamasiye. Inali kukhala m'masukulu, m'makoleji, kwa asilikali ndi m'makalabu a pa migodi, ndipo amene anali kuikonda anali kudziwana nkhope.

Koleji yathu inatsegulidwa mu 1967 kuti iphunzitse aphunzitsi a masukulu a sekondale, ndipo mu 1971 inapatsidwa dzina la Kwame Nkrumah, mtsogoleri woyamba wa dziko la Ghana. Lero ndi yunivesite. Tinali kunyadira pomva kuti masewera athuwa nawonso anabadwira pa koleji, ndi kuti woyambitsa wake anali mphunzitsi. James Naismith anawapeka mu 1891 mu mzinda wa Springfield ku America, pofuna kuti ophunzira ake akhale ndi cocita m'nyengo yozizira, ndipo anapacika madengu awiri a zipatso m'mwamba kuti aziponyamo mpira. Madengu analowedwa m'malo ndi nkhata za citsulo, koma msinkhu wake sunasinthe, ndiwo mamita 3.05 kucokera pansi. Mbali iriyonse ikhala ndi osewera asanu. M'nthawi yathu masewera anali ndi zigawo ziwiri za mphindi 20, ndipo mpira ukalowa m'nkhata unali kupatsa mapointi awiri, kapena imodzi ngati ndi woponya mwaulere pambuyo pa kulakwiridwa. Mzere wa mapointi atatu unalowa m'malamulo a dziko lonse mu 1984. Cotero mnzanga amene analumbira za mapointi atatu a mu 1982 anapatsa malemu mphatso imene kunalibe.

Zinthu zinali zosowa. Kucokera pamene mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, anthu anazolowera kuima pa mizere kufuna sopo, mafuta ophikira ndi shuga, ndipo m'sitolo simunali kupezeka zosewerera. Tinali ndi mpira umodzi wokha wabwino, ndipo unali kugona pansi pa bedi la kaputeni. Tinali kuupopa ndi pampu ya njinga. Osewera anali kuvala nsapato za nsalu za Bata, zimene anali kuziyeretsa ndi coko ca m'kalasi usiku wa Cisanu. Manambala a pa malaya anasokedwa ndi alongo athu a m'kalasi. Ukonde wa pa nkhata unali kulukidwa ndi mnyamata wa ku Luapula, mwana wa msodzi, amene anati uku ndiko kuluka kosavuta koposa m'moyo wake, popeza ndi ukonde wokhawo umene amafuna kuti cogwidwa cipulumuke.

Koma tsiku la masewera umphawi wonsewo sunali kuoneka. Pofika 15 koloko pa Ciweru, mabenci a m'cipinda codyera anali atandandalikidwa m'mbali mwa bwalo la simenti. Ndowa zinali kusanduka ng'oma, mbale ndi masipuni zinali kusanduka maseche. Nyimbo zinali kuyamba m'Cibemba, ndi kulandiridwa m'Cinyanja, ndi kumalizidwa m'Cilozi kapena m'Citonga, pakuti pa koleji panali anthu a zigawo zonse za dziko. Ana a m'makomboni anali kukwera m'mitengo. Ophika anali kusiya nyemba pa moto ndi kudzaima kumbuyo kwathu ndi mithiko m'manja. Mpira ukalowa, nthungululu za alongo athu zinali kudzutsa ngakhale amene anatsala m'cipinda ca mabuku. Ndakhalapo m'mabwalo akulu a mpira kucokera nthawi imeneyo, koma sindinamvenso kuti ndine mmodzi ndi khamu monga ndinali kumvera pa mabenci aja.

Ine sindinali wosewera. Ndine wamfupi, ndipo magalasi ndinayamba kuvala ndikali mwana. Anandisankha kukhala pa tebulo cifukwa ndinali kuphunzira masamu, ndiponso cifukwa, monga ananenera kaputeni wathu, ndinali munthu wopemphera amene sanganame. Zida zanga zinali zitatu: kabuku kolembamo mapointi, wochi yoimitsa imene tinali kubwereka kwa aphunzitsi a sayansi, ndi cidutswa ca njanji copacikidwa pa mtengo pafupi ndi tebulo. Woimbira akaliza wisulo, ndinali kuimitsa wochi. Mpira ukayambanso, ndinali kuiyendetsa. Nthawi ikatha ndinali kumenya njanji ija ndi bauti yaikulu, ndipo kulira kwake ndiko kunali mapeto a masewera. Lamulo linali lomveka bwino: mpira umene wacoka kale m'manja mwa woponya njanji isanalire uwerengedwa ukalowa, koma umene ukali m'manja suwerengedwa.

Alendo a tsiku limenelo anacokera ku koleji ina ya ku Migodi. Caka capitaco anatigonjetsa kwao mocititsa manyazi, ndipo tinakhala miyezi yambiri tiri kuwadikira. Anabwera pa sitima, anthu asanu ndi awiri okha, pakuti ndalama za ulendo sizinakwanire ena. Analibe wocemerera ngakhale mmodzi, ndiponso analibe munthu wao wokhala nane pa tebulo monga kunali kuyenera. Masewera asanayambe, kaputeni wao, mnyamata wamtali wofatsa, anabwera nandigwira canza, nayang'ana wochi ija, nati iwo aisiya m'manja mwanga. Mau amenewo ndiwo akhala akundilasa koposa zonse.

Anali odziwa mpira. Pa kupuma anali patsogolo ndi mapointi 30 kwa 24. M'cigawo caciwiri kutopa kwa ulendo kunayamba kuoneka, popeza anali ndi anthu awiri okha osinthana nao, ndipo ife tinawayandikira pang'ono-pang'ono. Wamanzere anali ngati wagwidwa ndi mzimu. Anali kunyengezera kumanja, womuchinga ndi kutsatira, iye ndi kutembenukira kumanzere kumene palibe anali kumuyembekezera. Dzuwa linapendeka, mphepo inayamba, koma palibe anaganiza za juzi. Kutatsala masekondi asanu ndi atatu, alendo anali ndi 57, ife 56, ndipo mpira unali wathu kucokera kumapeto a bwalo, kutali ndi nkhata imene tinali kuponyamo.

Ndinayendetsa wochi. Mnyamata wathu wamfupi analandira mpira, alendo awiri namutsekereza pafupi ndi mzere wa pakati. Anazungulira, anafuna pothawira, masekondi ali kupita. Ndinaona muvi wa wochi uli kufika pa mapeto, ndipo ndinakweza dzanja ndi bauti. Unafika. Mpira unali ukali m'manja mwa wamfupi uja. Pa nthawi yomweyo ndinaona Wamanzere atamasuka kumanzere kwa nkhata, dzanja lake liri m'mwamba. Dzanja langa silinatsike. Sindinganene kuti ndinasokonezeka ndi phokoso, kapena kuti magalasi anacita nkhungu, ngakhale kuti ndinadziuza zimenezi kwa zaka zambiri. Ndinawerenga mumtima monga munthu wa masamu: imodzi, mpira uli m'mlengalenga kupita kwa iye, ziwiri, waulandira natembenuka, zitatu, wauponya. Sanali pakati pa bwalo ai, anali mapazi owerengeka cabe kucokera pa mzere woponyera mwaulere. Mpira unagunda nkhata, unazungulira ngati uli kuganiza, ndipo unalowa. Pamenepo ndipo ndinamenya njanji.

Zimene zinatsatira anzanga amazikumbukira bwino, ndipo pa izi sawonjezera. Mabenci anagwa, ndowa zinaphwanyika, Wamanzere ananyamulidwa pa mapewa kuzungulira koleji yonse. Ophika anapsereza nyemba ndipo palibe anadandaula. Ine ndinatsala pa tebulo ndiri kulemba 58 kwa 57. Ndiri pomwepo, kaputeni wa alendo anabwera, thukuta liri kuyenderera, nandifunsa motsitsa mau ngati nthawi inalipodi. Ndinayankha kuti inalipo. Anandiyang'ana kanthawi, nagwedeza mutu, nandigwiranso canza. Sanakangane. Anadya nafe nsima madzulo, anatithokoza cifukwa ca kuwalandira bwino, ndipo usiku womwewo anayenda pansi kupita ku siteshoni atanyamula zikwama zao pa mapewa. M'ngondya ya tsamba lija ndinalemba kanambala 3 kakang'ono, kamene palibe anandifunsapo tanthauzo lake.

Akulu anati mlandu suola. Nditayamba kuphunzitsa kuno kum'mawa, tsiku lina ndinapeza m'magazini yakale nkhani ya masewera a Olympic a mu 1972 ku Munich. Pa masewera omaliza a basketball, America inali patsogolo ndi 50 kwa 49 kutatsala masekondi atatu. Panabuka cisokonezo pa tebulo la osunga nthawi, ndipo masekondi atatuwo anabwerezedwa kufikira kacitatu. Pa ulendo womaliza Aleksandr Belov analowetsa mpira, Soviet Union ndi kupambana 51 kwa 50. Osewera a America, amene anali anyamata a m'makoleji monga ife, anakana kulandira mendulo zao za siliva, ndipo sanazilandire kufikira lero. Ndinatseka magazini ija mtima uli kugunda. Ku Munich dziko lonse linaona ndipo likali kukangana. Ku Kabwe mboni inali imodzi yokha, ndipo mboniyo ndiyo inali mbala.

Nchito ya uphunzitsi nayo sinandilole kuiwala. Kwa zaka zoposa 30 ndinayang'anira mayeso, ndipo nthawi iriyonse pamene ndinayang'ana wochi ndi kunena kuti zolembera zonse pansi, ndinali kumva kulemera kwa bauti ija m'dzanja. Ndinalandapo pepala kwa mwana amene anapitiriza kulemba nthawi itatha. Ndinalangapo ana oonera, ndi kuwalalikira za cilungamo pamaso pa sukulu yonse. Makolo anali kunditama kuti ndine wosakondera. Ndinali kulandira citamandoco ngati munthu wovala jekete lobwereka.

Zaka zinapita ndipo Kabwe anasintha. Chitalu anafera m'ngozi ya ndege ku Gabon mu 1993 pamodzi ndi timu ya dziko lathu. Mgodi unatsekedwa mu 1994, mabanja ambiri ndi kubalalika. Matenda a Edzi anatenga anzathu oculuka m'zaka zimenezo, kotero kuti mwa osewera khumi amene maina ao ali m'kabuku kanga, otsala lero ndi awiri. Masewera enieniwo anasinthanso. Kucokera mu 2000 ali ndi zigawo zinai za mphindi 10, ndipo timu iyenera kuponya mpira asanathe masekondi 24. M'mabwalo akulu nthawi ioneka pa cikwangwani ca magetsi pamene aliyense aiwerenga yekha, ndipo mwana aliyense ali ndi foni yojambula. Matimu monga Matero Magic, UNZA Pacers ndi Green Buffaloes adziwika m'dziko lonse, ndipo kucokera mu 2021 makalabu a mu Africa ali ndi mpikisano wao waukulu wa Basketball Africa League. Acinyamata a lero akadzakalamba adzakhala ndi zithunzi zowakumbutsa. Ife tiribe cithunzi ngakhale cimodzi ca tsiku lija. Nthawi yathu yonse ikhala pakamwa pa okalamba owerengeka, ndi m'kabuku kamodzi kamene kali ndi bodza.

Nciani tsono cinandigwira pa moto paja m'bandakuca? Kapena ndi kuona bokosi la mnzanga, ndi kuzindikira kuti wotsatira angakhale ine. Ndinakonza pakhosi ndi kunena kuti, "Akulu-akulu, ndiri ndi mau. Mpira uja unalowa nthawi itatha kale. Ndinacedwetsa njanji ndi masekondi atatu." Panakhala bata pang'ono, kenaka onse anaphulika ndi kuseka. "Mbuya wayamba!" anatero wina, ali kupukuta misozi. "Wodya mbewa iwe, ngakhale munthu wagona m'bokosi ukali kumucitira nsanje?" Ndinaiwala kuti pa maliro a Mubemba, ife a kum'mawa tiloledwa kunyoza malemu ndi kuseketsa olira, ndipo palibe mau athu amene atengedwa ngati oona. Ndinalumbira, iwo ndi kusekanso koposa. Wina anandipatsa mbale ya unga nati popeza ndayamba nchito ya cimbuya, ndipite ndikapake anamfedwa. Cinsinsi cimene ndinasenza zaka 42 cinasanduka nthabwala yabwino koposa ya usiku umenewo.

Mmodzi yekha sanaseke kwambiri, ndiye uja mwana wa msodzi. Pobwera ku manda anayenda pafupi nane nandifunsa kuti, "Acimwene, zija munanena usiku nzoona?" Ndinabvomera. Anayenda cete kanthawi, ndiyeno anati, "Nanga muli kuuza ife cifukwa ciani? Ife sitinaberedwe kanthu. Eni ake a mlanduwu anakwera sitima." Mau amenewo ndiwo andicititsa kutenga colembera.

Sindifuna kulanda anzanga cimwemwe cao. Wamanzere analibe mlandu. Iye anamva njanji italira mpira utalowa, monga anamvera wina aliyense, ndipo kuponya kwake kunali kokongola ndithu. Ndiponso sindidzudzula okalamba amene caka ndi caka amasunthira mnzathu kutali ndi nkhata ndi kuculukitsa khamu. Cikumbukiro ca wocemerera cimakula monga mtanda wa buledi, ndipo comwe cimatupitsa ndi cikondi. Munthu akanena kuti mpira unaponyedwa kucokera pakati pa bwalo, ali kunena kuti tinali acinyamata, tinali pamodzi, ndipo tsiku limenelo linali lalikulu kwa ife. Kukometsa kotere sikulanda munthu kanthu. Koma masekondi anga atatu ndi nkhani ina. Amenewo analanda cipambano kwa anyamata asanu ndi awiri amene anagona m'sitima, anasewera mphindi 40 popanda wowaimbira nyimbo, ndipo anakhulupirira mlendo wa magalasi pa tebulo. Nawonso akadakhala ndi nkhani yosimba pa moto wa maliro ao, kuti tinapita ku Kabwe tiri asanu ndi awiri ndipo tinagonjetsa koleji yathunthu. Nkhani imeneyo ndinawabera ndine.

Kwa anzanga a m'nthawi imeneyo, a ku Kabwe, ku Kitwe, ku Lusaka, ku Chipata ndi kwina konse kumene kunali nkhata ndi bwalo la simenti, ndikupemphani kuti tilembe zimene tikumbukira tisanathe. Tilembe maina a osewera, nyimbo zimene tinali kuimba, maulendo a pa sitima, ndi zamanyazi zomwe. Adzukulu athu aganiza kuti masewerawa anafika m'dziko muno ndi wailesi ya kanema, pamene agogo ao anali kuwasewera ndi nsapato zopakidwa coko.

Ndipo kwa inu alendo athu a mu July 1982, ngati alipo wina amene akali moyo: kapena simuwerenga Cinyanja, motero ndipempha owerenga a ku Migodi kuti akamva mkulu wina wamtali ali kusimba za ulendo wa ku Kabwe, amufotokozere mau awa. Akaputeni, munandifunsa ngati nthawi inalipo, ndipo ndinakunamizani. Inali itatha. Munapambana ndinu, 57 kwa 56. Nditabwerera ku Katete ndinatsegula sutukesi, ndinatenga colembera cofiira cimene ndinali kucongera masamu a ana, ndipo ndinakonza tsamba lija. Ndikhululukireni.